Chipinda cha Madesiki Othyoka

Ofesi yawo sinali ofesi.
Chinali chipinda chosungiramo madesiki othyoka
kuseri kwa sekondale ya ku Ulongwe,
mmene fumbi la choko linkagona ndi mileme.
Amayi Ludovina anasesa pakona,
naikapo mipando iwiri,
wina wa miyendo itatu ndi njerwa.
Wa njerwawo ankakhalapo iwo.

Ankaphunzitsanso mapu ndi mitsinje,
koma buku limene ankalidziwa pamtima
linali loitanira mayina m'mawa.
Ankaliwerenga ngati mlimi pa tsamba la kachewere:
apa pagwa chiwawu, apa mbozi yalowa.
Langa, Evarisito, linali ndi zibowo
tsiku lililonse la msika.

Atandiitana ndinakonza bodza m'Chipwitikizi,
lochapa bwino, losita,
la malungo ndi maliro a azakhali.
Iwo anatseka chitseko nati, m'chilankhulo cha kwathu,
"Mapewa akowo akhala akusenza chiyani?"
Bodza lija linayoyoka ngati laimu pakhoma lonyowa.

Sindinayankhe. Iwonso sanandikankhe.
Anatulutsa pichesi m'kachikwama
nalisenda ndi kampeni ka chigwiriro chobiriwira,
khungu likutsika, likutsika, osaduka.
Belu linalira.
Palibe anadzuka.

Ndinalankhula pa ulendo wachitatu:
matumba a kachewere, ndimakweza m'malole a ku Beira,
mametikali khumi pa thumba.
Bambo anapita ku malasha a ku Moatize,
foni yawo inayamba kuyankhidwa ndi mayi wina,
kenako inangosiya kulira.
Feteleza sadikira mayeso.

Sanandiuze kuti maphunziro ndi chuma.
Mawuwo analipo kale pakhoma la sukulu
ndipo mvula inali itadya theka lake.
Anabwereka njinga ya mlonda,
Lamulungu anakwera chitunda cha kwathu akuikankha,
kapulana ili chonyowa ndi mame,
nakhala pamkeka ndi amayi anga
mpaka mthunzi wa bulugamu unatembenuka.
Zimene anakambirana sindinazimve.
Ndinangoona manja anayi akuwerengera padothi,
kufufuta, kuyambiranso.
Kuchokera apo kumsika ndinkapita Loweruka lokha,
ndipo mayeso a masamu amene anandiphonya
ndinalemba ndekha masana
pa desiki lopendama, mileme ikundiyang'anira.

Si onse amene anabwerera.
Serafina, yemwe pa samu zogawa ankatisiya tonse,
anadumpha malire pa Kalomwe
kumbuyo kwa njinga yamoto ya bambo wogula fodya,
m'mwezi wa chisanu, alibe ndi juzi yomwe.
Amayi Ludovina anapita kwa makolo ake kawiri;
kachitatu anawakhwizira agalu.
Dzinalo sanalifufute.
Ankaliitanabe m'mawa uliwonse mpaka chaka chinatha,
ife maso pansi,
kachete kaja kakudutsa pakati pa mabenchi
ngati mphepo yotsika m'phiri la Domwe.

Lero ndimakonza mapampu a madzi mumzinda wa Tete,
kumene dzuwa limawotcha ndi sipanala yomwe.
Ndamva anapuma ntchito, maso akuvuta.
M'chipinda muja akuti anaikamo makompyuta asanu,
oyaka ndi awiri.
Sindinawalemberepo kalata.
Chaka chilichonse ndimati mvula ikatha.

Koma dzana kamnyamata kanga kophunzira ntchito
kanafika mochedwa kachitatu,
bodza lili m'kamwa, losita bwino,
diso lamanzere lotupa.
Mkwiyo unafika pakhosi, unabwerera.
Ndinapeza dzanja langa likufufuza m'thumba.
Kuno kulibe mapichesi.
Ndinatembenuza chidebe, ndinamupatsa mpando wanga,
ndinathira masau panyuzipepala pakati pathu,
ndipo tinatafuna, tikulavulira nthangala ku Zambezi,
pampu ya mwini wake ikudikira.